A Moffat Asowa m'Buku

A Idwal anathawa kwawo ku Wales chifukwa cha cholembera chawo chomwe. Mkuluyu ankalemba mabuku oseka anthu m'Chiwelishi, ndipo m'tauni mwawo aliyense anali atadzipezamo, kuyambira abusa mpaka khansala wodula riboni ngakhale potsegulira chimbudzi. Anthu atasiya kuwapatsa moni, anasamukira kwa mwana wawo ku Braunstone, khomo loyandikana ndi la a Moffat, mkulu wa ku Ntcheu amene anakhazikika kumeneko.

A Moffat atamva mbiriyi, mtima unadumpha. Ena amaopa kulembedwa, koma iwo ankalakalaka. Zaka zonsezi akunyamula makatoni ku weyahausi yosungiramo katundu, ndani anawatchulapo? Nawonso ankafuna alowe m'buku basi.

Ndiye anayamba kuitana a Idwal kudzamwa tiyi Lamlungu lililonse. Koma paja pamaso pa mlendo munthu sadzionetsa mmene alili. A Moffat, munthu wa phokoso chotere, ankavala suti, n'kukhala phee manja ali pa mawondo, kuyankhula kwake ngati mkulu wa mpingo. Akazi awo, a Sylvia, ankangoyang'ana kudenga.

Buku lawo latsopano litatuluka, a Idwal anabwera nalo n'kumawamasulira m'Chingerezi. Munali a Yacoob a pashopu, amene amakugulitsa anyezi pamodzi ndi malangizo a banja. Munali dalaivala wa basi. Ngakhale mphaka wa pakona analimo, masamba awiri athunthu.

"Nanga ine?" anafunsa a Moffat.

"Inu ndinayesetsa, mnzanga," anatero a Idwal. "Koma ndinu munthu wofatsa, waulemu. Pa inu palibe choseketsa."

Abale inu, kupweteka kwake! Kuposedwa ndi mphaka! A Moffat anangoti zyoli, maso ali m'kapu, ndipo a Sylvia chisoni chinawagwira poona amuna awo atafota chonchi. Anatsitsa ketulo.

"Ofatsa? Awawa?" anatero mayiwo. "Bambo Idwal, munthu uyu amayanika matibagi, timatumba ta tiyi tija, pa hita kuti amwerenso mawa. Amakangana ndi mayi wolankhula m'makina olozera njira m'galimoto, ati mwana wamkazi sangamuuze kokhota. Chipale chofewa chitagwa koyamba anakachiwola m'chidebe, kuchisunga mu firiji, ati akaonetse abale ku Ntcheu!"

A Idwal anaseka mpaka kutsokomola, uku akupapasa m'matumba kufuna cholembera.

"Pang'onopang'ono, mayi! Bwerezani za matibagizo."

A Sylvia anapitiriza, osapuma, zaka zonse za ukwati kuzikhuthulira pa tebulo. A Moffat anayamba kuwongoka pampando. Anamasula tayi. Chikwatirane, anali asanamvepo kukoma chonchi ponyozedwa ndi akazi awo.

Mayiwo atatopa n'kukhala pansi, bamboyo anawakodola pa mkono.

"Amake Tayamika, mwaiwala ija," ananong'ona. "Auzeni za tsiku lija ku Derby, ndinalowa pa maliro a eni ake osawadziwa, n'kuyankhulapo m'malo mwa banja."