Nkhope ya Aslaug m'Mbaula

Borghild Tveiten anali ataiwala nkhope ya mng'ono wake, ndipo zinkamuwawa kuposa nyamakazi. Aslaug anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1913, osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Mawu ake okha ndi amene ankabwerabe: m'mawa poyatsa mbaula, Borghild ankamva ngati munthu akung'ung'udza nyimbo kumbuyo kwake. Akacheuka, palibe.

Masana ena kunafika bambo Fjeld a ku Oslo, osaka mafilimu akale. Anawathirira khofi, iwo n'kuyamba.

"Mayi, mng'ono wanu uja anasewera m'filimu. Anasewera ngati mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi mwana wa bwana, n'kukadziponya mumtsinje. Anthu ankachita kulira m'maholo! Ndi imodzi mwa zoyambirira m'dziko lathu lino, zithunzi zisanayambe kulankhula. Makope ake onse anatayika, lomaliza linali m'zitini kwa malemu amuna anu."

Za filimuyo Borghild ankazidziwa, koma analumbira pamaso pa bambo ake, munthu wopemphera kwambiri, kuti manyazi amenewo sadzawaonera. Mwamuna wake Torleif, amene ankayenda m'midzi ndi makina oonetsera, analiopa lilime la mkazi wake. Anangoibisa m'kanyumba ka nkhuni, m'zitini zosalembedwa, mpaka kumanda osanena kanthu.

"Zitini zija?" Borghild anaseka, kuseka kopanda pake. "Bambo inu, mukuzidziwa nkhuni zonyowa za nthawi ya nkhondo? Palafini kunalibe. Kachidutswa ka filimu, moto lawi! Mudzi wonse unkadzapempha kuno. Ndinkagawa ngati mchere."

Bambo Fjeld anatula kapu pang'onopang'ono.

"Palibe chotsala, mayi?"

Chinalipo, chotalika ngati mkono. Borghild anachitenga, nachikweza pawindo. Ankangofuna kumuona: kamodzi kokha, maso okha, ngakhale tsaya. Kachithunzi koyamba kanali mtsinje ndi mitengo. Kachiwiri chimodzimodzi. Anayenda nacho mpaka kumapeto, ndipo anangopeza nsapato ziwiri pagombe, madzi akuchita mizeremizere pakati.

"Apa ndiye kuti wangomira kumene," anatero bambo Fjeld motsitsa mawu.

Zaka zisanu za chisanu, m'mawa uliwonse, anali akudula Aslaug ndi sizasi n'kumuika pamoto, osakweza n'komwe pawindo. Anakhala pansi. Mpamene anakumbukira kuti kung'ung'udza kuja kunayamba m'mawa umene anatsegula chitini choyamba.