Mawu Anga M'kamwa mwa Wina

Ndimaphunzitsa Chingelezi kusekondale, ndipo ndili ndi chizolowezi choyeserera phunziro mokweza ndikamasita zovala. Tsiku limenelo ndinkakonzekera mawu amene Azungu amanenera zinthu zozunguza mutu: mysterious, uncanny, inexplicable. Amuna anga, amene amayendetsa takisi, anali pampando akuwenga zikhadabo zakumapazi.

"Lomalizalo ndalikonda," anatero. "Ndiye kuti chiyani?"

"Chinthu choti palibe angachifotokoze."

Anayesa kulitchula koma lilime linkawakanika kumapeto. Linkatuluka kuti "inekisipulikabo," uku atatambasula manja ngati mlaliki. Ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kuwotcha malaya awo.

Sindinadziwe kuti ndawapatsa chida.

Poyamba ndinapeza ndolo pansi pa mpando wa galimoto. Anati takisi imakweza anthu amitundumitundu, ndipo ndinavomera. Kenako ndinapeza tsitsi loyikirira lofiira litakola pabatani la jekete lawo. Anati ndi mphepo. Koma nditabwerako kochonga mayeso, kumene ndinakhala sabata yathunthu, pilo wanga ankanunkha mafuta a tsitsi onyansa, okhala ngati kokonati wovunda. Kuseri kwa chitseko cha bafa kunali kutapachikidwa kabudula wamkati wa mkazi, asanaume n'komwe.

Ndinamunyamula ndi kamtengo n'kupita naye pabalaza.

"Bambo a mwana, ichi n'chiyani?"

Anamuyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kutambasula manja aja. "Mayi a mwana, inenso ndadabwa. Inekisipulikabo!"

Anamwetuliranso, poganiza kuti ndiseka ngati kale. Kuyambira pamenepo chilichonse chinali chomwecho. Foni ikalira iwo n'kuthawira nayo panja, zinali misiteriyasi. Akafika kunyumba atasamba kale sopo wachilendo, zinali ankane, uncanny uja. 

Loweruka lina ndinapeza mayi amene amandiluka atatseka, ndiye ndinalowa saluni ina pafupi ndi pamene matakisi amaima. Mwini wake anali mtsikana wolankhulalankhula, chingamu m'kamwa, zikhadabo zazitali zopaka zobiriwira. Anandikhazika pampando wong'ambika n'kuyamba kundipesa. Chowumitsira tsitsi chimene chinali pamutu pa mayi wina chinazima chokha, kenako n'kuyakanso.

"Mwaona, anti?" anatero mtsikanayo. "Amagetsi achiyang'ana, akuti chilibe vuto. Inekisipulikabo!"

Anatambasula manja, chipeso chili m'mwamba.

Ndinamuyang'ana pagalasi. "Mawu amenewo unawaphunzira kuti, chemwali?"

"Ndi abambo anga ena a takisi," anaseka. "Chizungu chimachita kutayikira. Akazi awo akuti ndi aphunzitsi, koma kukonza pakhomo, ayi ndithu. Ndinakagonako akaziwo atachoka. Bedi ndi labwino, koma mataulo, anti! Ngati masaka a makala. Ine ndinachita kudzipukutira chitenje chawo."

Ankalankhula uku akutapa mafuta m'botolo ndi zala. Anawapaka pamutu panga n'kuyamba kutikita pang'onopang'ono, zikhadabo zikundikanda khungu. Fungo lija la kokonati wovunda linandilowa m'mphuno mpaka kummero.

"Chotsa manja ako," ndinatero.

"Ndakupwetekani?"

 Ndinadzuka tsitsi lili theka loluka theka nyankhalala, thaulo lake likadali m'khosi. Nditangofika pangalande yapanja ndinasanza. Mayi wogulitsa nthochi anandipatsa madzi, akundifunsa ngati ndili woyembekezera.

Kunyumba ndinatsuka mutu ndi sopo wochapira mpaka khungu kuwawa, koma fungo silinachoke. Ndinavundukula bedi lonse. Zofunda, mapilo, mataulo ndi zitenje zanga zonse ndinaziunjika kuseri kwa nyumba, chifukwa sindinkadziwa kuti chimene anadzipukutira n'chiti. Ndinathira parafini n'kuyatsa. Mwana wanga anali kwa agogo ake, ndipo ndinathokoza kuti sanandione.

Amuna anga anafika utsi usanathe. Anapeza zovala zawo zili m'matumba pakhonde.

"Kodi kwagwanji?"

"Ndinakalukitsa tsitsi kwa mtsikana wa zikhadabo zobiriwira. Akuti mataulo athu ndi masaka."

 Anayamba kunena kuti Satana ndi wamphamvu, kuti mtsikanayo ndi amene ankawakakamira, kuti tiganizire mwana. Pamene anafuna kundigwira dzanja, thupi lonse linandinyerenyesa ngati ndagwidwa ndi chule.

Pano akukhala kwa mkulu wawo. Alamu anga abwera kangapo kudzapepesa, akuti mwamuna ndi mwana, ndiwakhululukire. Ndimawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Tsitsi ndinameta lonse kwa ometa amuna, ndipo ana asukulu akuti ndikuoneka waukali. Mwana wanga yekha ndi amene amakonda kundisisita mpalawo akamagona.