Chomvera Chachitali cha a Lisiate

Kalolaine anakanikiza kachitsulo kozizira ka chomvera mtima pamimba pake, nagwira mpweya. M'makutu munangomveka mtima wake womwe ndi kulira kwa m'mimba mopanda chakudya. Anasunthira kumanzere. Zii. Anatsikira kumunsi. Zii.

Mwana amene anali m'mimba mwake anasiya kusuntha dzulo lake, tsiku limene anaika bambo ake, a Lisiate, m'manda. Mwana amene ankaponda mateche osapuma, lero anali phee, ndipo Kalolaine anali asanauze munthu. Mwamuna wake anali ku Australia kothyola zipatso. Chipatala chinali ku Pangai, kutsidya kwa nyanja, koma ndi mphepo imene inkawombayo panalibe wopenga amene akanatulutsa boti. Munthu yekhayo amene ankaona odwala pachilumbapo anali bambo akewo, amene tsopano anali atagona pansi pa mchenga.

Bokosi la malemuwo linali chotsegula pabedi. A Lisiate anali ndi zomvera mtima zinayi, ndipo chilichonse ankachilemekeza ngati mlendo. Chakuda cholemera chija, chimene Kalolaine anali nacho m'makutu, chinali cha zifuwa za akuluakulu. Panalinso kakang'ono ka makanda, ndi chamtengo chonga lipenga, chomvera mwana ali m'mimba. Chachinayi chinali pansi penipeni, chonyansa: kalipenga kosema pamanja kolumikizidwa ku chubu cha labala chachitali ngati chingwe chomangira ng'ombe. Ali ana, Kalolaine ndi mlongo wake wamwamuna Manase anadumphirapo chingwe, ndipo tsiku limenelo lokha ndi limene anamva bambo awo akukalipa.

"Ukutani ndi katundu wa mlongo wanga?"

Pakhomo panali pataima azakhali ake, a Melenaite, atavala zakuda. Katundu wa munthu womwalira sakhudzidwa mlongo wake wamkulu asanasankhe chimene akufuna, ndipo banja lonse linali likunong'ona kuti mayiwa adzakokolola zonse zooneka bwino. Pakamwa pawo panali ngati lumo.

"Azakhali, pepani, ine sindimafuna..."

"Mchenga sunaume n'komwe pamanda, wayamba kale kugawa? Ukubisira Manase chakudacho? Ukuona ngati sindikumva zimene mukundinena?"

"Mwana sakusuntha, azakhali."

A Melenaite anatseka chitseko. "Kuyambira liti?"

"Dzulo."

"Ndiye wangokhala chete ngati nsomba? Gona!"

Anatenga chamtengo chija, nachiika pamimba, nagunditsa khutu kumapeto kwake. Anasuntha uku ndi uku, kenako anadzuka akupukusa mutu.

"Makutu angawa anatha kale. Belu la Lamlungu ndimalimva Lolemba. Ndikuitana Manase."

"Ayi, azakhali! Chonde!"

Manase anali namwino ku likulu, ndipo anabwera kumaliro chimanjamanja. Koma anali mlongo wake, ndipo mwambo wa pachilumbapo sulola kuti mwamuna ayandikire mlongo wake. Chikulireni, awiriwa sanamwerepo kapu imodzi, ndipo Manase sanapondepo m'chipinda chimene Kalolaine amagona. Chamtengocho chimafuna kuti tsaya la womvera lifike pafupi ndi mimba. Kunja kunali kutadzaza abale, amayi akuimba nyimbo za maliro, amuna akusenda zilazi. Nkhani yoteroyo ikanakambidwa mpaka zidzukulu. Kalolaine anachita mantha a mitundu iwiri, ndipo sanadziwe amene anali aakulu.

Manase anabwera n'kuima kunja kwa chitseko, nkhope atalozetsa kwina, atamanga mkeka m'chiuno monga amachitira anamfedwa kumeneko.

"Azakhali, afunseni achemwali ngati akumva kupweteka kapena ataya magazi."

"Akuti ayi."

"Ndithamange kwa a Paula, eni boti, mwina alola."

"Kuti tilire maliro atatu? Taona nyanjayo."

Manase anagwira chitseko. Kenako anati, "Ndiye ndilowa, azakhali. Anthu anene zonena zawo."

Kalolaine anakoka nsalu n'kudziphimba kumaso. Misozi inali ikutsikira m'makutu.

"Palibe akulowa muno," anatero a Melenaite. "Zungulira kuseri kwa chipinda chino. Ukakhale pansi, utsamire khoma."

Anavundukula bokosi lija, naponya chakuda chodulacho pambali ngati chiguduli, natulutsa chachitali chija. Kenako anagwada movutikira pafupi ndi bedi. Pathabwa la m'munsi panali kabowo kotsekedwa ndi khoko la kokonati, kamene Kalolaine moyo wake wonse ankati n'ka makoswe. Azakhaliwo anazula chotsekeracho, nalowetsa chubu.

"Chipinda chino chinali changa," anatero osamuyang'ana. "Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, nyanja inakwiya chonchi. Bambo ako anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ya zachipatala, ndipo analibe kochitira: mlongo wake uyu, mwambo uwu. Anangotenga mpeni n'kuyamba kusema. Mayi ako ndi amene ankagwira kuno."

Chubu chinakokedwa pang'ono kuchokera kunja.

"Azakhali," anatero Manase kuseri kwa khoma, "fufuzani mbali imene pali polimba, posalala. Ndiwo msana wa mwana. Muike pamenepo, mukanikize, kenako musagwedeze dzanja."

A Melenaite anapapasa ndi zala zawo zouma, naika kalipengako.

"Sindikumva. Nyimbozo zachuluka."

Mayiwa anatulutsa mutu pawindo. "Inu! Tatsekani pakamwa! Mlongo wanga wamva kale!"

Nyimbo inaduka pakati. Kunatsala mphepo yokha, ikugwedeza malata.

"Tsikani pang'ono."

Anatsika.

"Ayi. Bwererani. Chakumanja."

Kalolaine anayang'ana denga. Anafuna kupemphera koma mawu onse anali atathawa. Anakumbukira mmene dzulo analirira kumanda mpaka kugwa pansi, ndipo anayamba kudziimba mlandu. 

Kenako thabwa linayamba kulira. Go-go-go-go-go. Chala cha Manase chinkagogoda kunjako motsatira mtima umene ankaumva, mofulumira, mosaphonya.

A Melenaite anagwira pamkono pa Kalolaine ndi dzanja linalo, nayerekeza kwa kanthawi. "Wakowu ukuyenda ngati nkhalamba yopita kutchalitchi. Uwo si wako."

"Alipo," anatero Manase. "Mtima ukugunda bwino. Auzeni achemwali adye, amwe madzi, agonere kumanzere. Mphepo ikangoleka tikupita ku Pangai, asakane."

Kalolaine analira mokweza, osachitanso manyazi. Azakhali ake sanamutonthoze. Anali akuyang'ana kabowo kaja.

"Zinazo mugawane," anatero. "Changa ndi ichi. Koma chikhala muno mpaka uchire."

Kugogoda kuja sikunaleke. Kalolaine anapukuta m'maso.

"Azakhali, auzeni achimwene kuti ndamva. Akhoza kupita."

"Musiye," anatero a Melenaite, akusintha dzanja pakalipengako. "Bambo akonso sanaleke mpaka nditagona tulo."