Usipa wa M'kathumba ka Pansi

Mkazi wa ku Nkhotakota salola mwamuna wake kunyamuka ulendo wopanda kamba, kaya mwamunayo akhale ndi madigiri angati. Ndiye pamene Dalton ankalongedza katundu m'kafulati kawo ka ku Rathmines, n'kumuuza mkazi wake Dyness kuti asayerekeze kumuikira chakudya chilichonse, mayiyo anangoti chabwino, mumtima akuti mwalemba m'madzi bambo.

Dalton ankaphunzira pa yunivesite ina mu Dublin momwemo. Kumudzi anagwirapo ntchito yopirikitsa njovu m'minda ya anthu ku Kasungu, ndipo tsopano ankafufuza mmene anthu angakhalire pafupi ndi zilombo popanda kuphana. Anamutumiza miyezi iwiri kumapiri a ku Canada kukatsatira chimbalangondo chachikazi cha mtundu wa grizili, cha ana awiri, chimene chinkayendayenda pafupi ndi makola a alimi. Chithunzi cha chilombocho anachimata pafiriji ngati cha m'bale wake.

Dyness anakazinga usipa umene mnzake anabwera nawo kuchokera kumudzi, n'kuukulunga m'majumbo atatu, n'kuukankhira m'kathumba ka pansi pa chikwama, momwe mumakhala chinsalu chotchinga mvula. Anati tsiku limene mvula idzagwe bamboyo adzaupeza, adzaseka, adzakumbuka kuti anasiya mkazi. Kubwalo la ndege palibe anautulukira.

Loweruka la sabata yachiwiri kunabwera Chabala, mtsikana wa ku Zambia wophunzira limodzi ndi Dalton, kudzazonda Dyness. Dyness pakamwa pake sipagona nkhani. Anaulula chinsinsi chija uku akuseka, koma Chabala sanaseke. Anaika kapu pansi n'kufunsa ngati chikwamacho chimagona m'tenti.

Kenako anafotokoza. Kumsasa kumeneko chakudya chonse amachitsekera m'zigubu zolimba kutali ndi pogona, moti ngakhale sopo ndi mankhwala otsukira mano salowa m'tenti. Chilombocho chimanunkhiza kanthu kali kuseri kwa phiri, majumbo atatu kwa icho n'chibwana. Ndipo si njovu yoti uiimbire zitini ithawe.

"Ba mulamu, amuna anu akutsamira nyambo," anatero Chabala.

Dyness anaimba foni ya Dalton kasanu, osalowa, kunkhalangoko netiweki kulibe. Gulu lonse linali ndi foni imodzi yapasetilaiti imene ankaitsegula Lamlungu lokha. Chabala anaimba ku ofesi ya aphunzitsi awo, koma Loweruka ayankhe ndani? Anangolemba maimelo. Chabala atachoka, Dyness anachita chinthu chopusa, anatsegula mavidiyo a zimbalangondo pafoni. Anaona chimodzi chikung'amba chitseko cha galimoto ngati chikusenda nthochi, n'kuponya foni pampando. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, mantha a munthu amene wapha mnzake ndi manja achikondi.

Lamlungu anali pashifiti kunyumba yosamalira okalamba ku Coolock. M'basi monse ankangonunkhiza zala zake, ngati fungo la usipa likadalipo. Kuntchito anagwetsa supuni kawiri akudyetsa gogo wina, mpaka gogoyo anamufunsa ngati akudwala. Foni anaibisa m'thumba la yunifomu, zimene malamulo salola, ndipo inkamuotcha pantchafu.

Inalira cha m'ma fili koloko masana, kwinako kukungocha. Anathamangira m'chipinda chochapira zovala. Atamva mawu a Dalton anakhala pansi pasimenti, misozi ili chuchuchu, akuyamika Mulungu. Anafuna kuyamba kuulula, koma Dalton anamudula, mawu ake ali ozizira ngati a munthu wobwera kumaliro.

Anati Lachisanu onse anatsikira kumtsinje kukaona makamera amene anatchera kuti azijambula nyama. Pobwerera anapeza matenti ena onse ali bwinobwino, koma yake itang'ambidwa, chikwama chili zidutswazidutswa pomwe amaika mutu. Chikhala kuti anatsala kumsasa tsiku limenelo monga anaganizira poyamba, bwenzi akunena zina. Loweruka chilombocho chinabweranso, anthu alipo, osaopanso kukuwa kwawo. Chimbalangondo chikangodziwa kuti pogona anthu pali chakudya, mawa chimapita kunyumba za alimi kumene kuli ana. Oyang'anira nyama zakutchire anabwera n'kuchiwombera. Ana ake awiri aja anathawira m'tchire, ndipo palibe akukhulupirira kuti adzaona chaka chamawa.

Zaka folo anthu akunyengerera alimi a kumeneko kuti asachiphe, anatero Dalton, ndipo alimiwo anali atayamba kumva.

Makina ochapira ankazungulira kumbuyo kwa Dyness.

"Mayi a Mwaiwawo," anatero Dalton, "m'zidutswa za jumbo ndinatolamo mitu ya usipa. Azunguwa sakuidziwa, koma ine ndikuidziwa."

"Bambo a Mwaiwawo, ndimati mukamakazizidwa ndi mvula..."

"Ndawauza kuti ndinaika ndine. Andichotsa pagulu, ndikufika Lachitatu m'mawa."

Dyness anafunsa ngati adzawachingamire kubwalo la ndege.

"Mubwere," anatero Dalton. "Koma musanditengere kanthu."