Khoswe mu Thanki ya Mkaka

Pafakitale ya mkaka panali magulu awiri, am'mawa ndi amasana. Mwambo wake unali wakuti thanki ikapezeka ndi vuto, mlandu ndi wa gulu limene lili pantchito nthawi imeneyo. N'chifukwa chake am'mawa ankakondana ngati ana a mimba imodzi, koma ndi amasana ankaonana ngati akazi a pamitala.

Mayi a Mapasa anali a gulu la m'mawa. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, atatsala pang'ono kuweruka, anavundukula thanki yaikulu kuti atunge mkaka woyesa. Khoswe anali kuyandama chagada, mimba itatupa, ubweya ukusosoka n'kumazungulira m'thovu. Mayiwo anakuwa.

"Akapitawo, tabwerani mudzaone kuno!"

Kapitawo wawo, bambo wamtali amene onse ankamutchula kuti Mlongoti, anasuzumira n'kuitanitsa sefa. Anavuula khosweyo, namukulunga m'pepala, n'kuvundikira thanki bwinobwino.

"Palibe waona kanthu," anatero. "Amasana akafika athire m'mabotolo. Zikanunkha, n'zawo."

"Nanga ana amene akamwe mkakawu?"

"Iii, mlamu, si umawiritsidwa? Ndipo mnzathuyu wafa bwino, wafa atakhuta!" anatero mnzawo wina wokankha ngolo, onse n'kufa nacho chikhakhali.

Mlongoti anatsitsa mawu. "Mayi, bambo akunyumba atagonekedwa m'chipatala, ankakugwirirani ntchito ndani? Amasana?"

Zinali zoona. Anthu omwewa ndiwo ananyamula bokosi la amuna awo. Mayi a Mapasa anayang'ana sefa ija ikudonthezera pansapato za Mlongoti. Anawerama n'kutsegula mpopi wotayira. Mkaka unakhuthukira m'ngalande, mkokomo wake n'kudzutsa woyang'anira fakitale mu ofesi.

Gulu lonse la m'mawa linadzudzulidwa pamaso pa anthu, ndipo Mlongoti anamulanda ukapitawo.

Mawa lake pa nthawi ya chakudya, pabenchi ya am'mawa panalibe wosendera. Mayi a Mapasa ananyamula kontena yawo ya chakudya n'kulowera kwa amasana, amene anali atangofika.

"Pepani mayi, pano padzaza," anatero kapitawo wa amasana, akuika chikwama pamalo opanda munthu. "Munatipulumutsa, sitikukana. Koma wogulitsa abale ake, ife achilendo angatisunge?"

Mayiwo anaima pakhonde, kontena ili m'manja, akuyang'ana mabenchi awiriwo. Uku akutafuna, uko akutafuna, milomo ili noninoni. Analavulira pansi, natseka kontena yawo osalawa n'komwe.