Wa Chofesa Apereke Msana

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene anga a Damiano ali moyo, anali atagona pabedi la pafupi ndi zenera m'chipatala cha mishoni, atafunda mabulangete awiri ndi jekete langa la ku koleji pamwamba. Kunja kunali chifunga cha mwezi wa Juni, chija chimatsika m'mapiri a kwathu ku Dedza n'kulowa mpaka m'mafupa. Ndinawabweretsera phala koma sanaliyang'ane n'komwe. Anangondikodola ndi chala.

"Clement, ndaganiza," anatero ndi mawu otsalira pakhosi. "Ndadziwa chimene timalepherera pa chilombo chomaliza chija."

Ine ndinkayesa anena za mkazi wawo, kapena za munda wa kachewere umene unali usanakumbidwe. Koma iwo ankanena za gemu yathu ya pa tivi.

"Wa Chofesa asamawombere chilombocho. Atembenuke, apereke msana kwa mnzake, azingosesa tizilombo tochokera kumbuyo. Chilombo achisiyire wa Nsungwi."

"Achimwene, imwani phala."

"Wamva zimene ndanena, mphunzitsi wosamaliza iwe?"

"Ndamva."

"Bwereza."

Ndinabwereza ngati mwana wa katekisimu. Anamwetulira n'kutseka maso. "Ndikatuluka muno tikayesa." M'mawa mwake ndikufika ndi phala lina, ndinapeza bedi litayalulidwa.

A Damiano anali ometa tsitsi pa Lobi. Matipate atangobwera, pamene aliyense ankafunafuna chogulitsa, iwo anapita ku Joni n'kubwerako ndi zinthu zitatu: tivi yaing'ono yosaonetsa mitundu, kamakina ka gemu kokhala ndi zodinira ziwiri, ndi kaseti imodzi yachikasu. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wayilesi ya kanema, choncho tiviyo inalibe ntchito ina koma gemu basi. Magetsi kunalibe. Tinkagwiritsa ntchito batire ya galimoto, yokatchajitsa ku boma panjinga.

Mugemumo munali asilikali awiri, wina wanga wina wawo, othamanga m'nkhalango, kukwera mathithi, mpaka kukalowa m'phanga la chilombo. Aliyense ankayamba ndi miyoyo itatu ndi kamfuti kachabechabe kamene tinkakatcha Legeni. Mfuti zabwino zinkagwa kuchokera kumwamba, imodziimodzi, ndipo woyamba kuikhudza ndiye ankaitenga. Mayina ake tinapereka tokha. Chigayo inkalira mosalekeza ngati chigayo cha pa msika. Kamvuluvulu inkazunguza moto mochititsa kaso koma yosapha kanthu. Chofesa inkamwaza zipolopolo mbali zonse ngati munthu akufesa mawere, moti ngakhale wosadziwa kuloza ankaoneka katswiri. Nsungwi inkatulutsa mzere umodzi wautali, wochedwa, koma ukagunda unkaboola.

Anyamata onse a pa Lobi ankalimbirana Chofesa. Ikagwa, osewera onse awiri ankaithamangira, n'kufera pamodzi asanaikhudze, kenako n'kutukwanizana mpaka panja. A Damiano ankangoseka, lezala ili m'manja.

"Mukadzala nyemba nonse awiri mumanyamula mbewu?" ankawafunsa. "Wina amabowola, wina amaponya. Mfuti ziwiri zofanana ndi mfuti imodzi."

Lamulo lathu linali lakuti mfuti ikagwa, munthu atchule mwini wake isanafike pansi. Chofesa ikaoneka, iwo ankati, "Yako!" Nsungwi ikaoneka ankati, "Yanga!" Ndi lamulo limeneli tinafika kumene wina aliyense, kuyambira ku Lobi mpaka ku Mphunzi, anali asanafikeko. Ndikabwera ku tchuthi anthu ankasiya bawo kudzaonerera ife, ana a kwa Anselmo, tikusewera. Ndimanyadira zimenezo mpaka lero, ndipo amene akufuna kuseka aseke. Chilombo chomaliza chokha ndi chimene chinatikanika. Tikafika pamenepo tonse tinkachiwombera, tizilombo tating'ono n'kutidyera kumbuyo.

Panali munthu wachitatu amene anthu sankamuwerengera. Chopanira waya ku batire chinali chotha mano, ndipo chikangosuntha tivi inkazima, gemu n'kuyambiranso poyambirira. Choncho alamu anga a Dorika, mkazi wa a Damiano, ankakhala pansi pambali pa batire, dzanja limodzi litagwira chopaniracho, lina likusankha nyemba m'lichero.

Achimwene atadwala ndinasiya koleji ya uphunzitsi kudzawasamala. Anthu ankati ndidzabwerera. Sindinabwerere. Anthu omwewo, amene pamaliro anaimba mokweza kuposa onse, anali atayamba kale kuwayeza a Dorika ndi maso, kuona ngati mikono yawo yayamba kuonda.

Amalume athu a Bonifasio analengeza kuti mwambo wosudzula udzachitika Loweruka masana. Tsiku limenelo a Dorika adzamasulidwa kubwerera kwawo ku Chongoni, ndipo katundu wa malemu adzagawidwa. Tivi, kamakina ndi batire amalume anati adzatenga iwo, poti anali atapeza kale wozifuna ku Lilongwe. Sindinatsutse. Mphwake wosiya sukulu alibe pakamwa pa bwalo la akuluakulu. Ndinangotenga batire Lachisanu, kupalasa mpaka ku boma, n'kubwera nayo yodzaza.

Loweruka m'mawa ndinatsegula kanyumba kometera. Tsitsi la anthu linali lidakali m'makona. Ndinamanga chopanira chija ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kuyamba kusewera ndekha. Sindinadutse n'komwe mathithi.

"Gemu imeneyo si ya munthu mmodzi, alamu."

Anali a Dorika, ataima pakhomo ndi duku lakuda, tsache lili m'manja. Anabwera kudzasesa komaliza.

"Nanga ndisewere ndi ndani?"

Anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kukhala pa benchi pamalo pa amuna awo. Anatola chodinira chachiwiri n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Cholumphira ndi chiti?"

"Alamu, anthu akakuonani? Musanasudzulidwe n'komwe?"

"Anena kale zambiri. Awonjezere ndi iyi. Cholumphira ndi chiti?"

Njira yonse ankaidziwa pamtima, pamene mdani amatulukira, pamene mlatho umaphulika. Koma zala zawo zinali zisanaphunzire. Pa mlatho woyamba anagwera m'madzi. Anayambanso, n'kulumphira chipolopolo m'malo mochithawa.

"Kamunthu kanga kakumwa kachasu kapena?" anatero.

"Kakutengera mwini wake."

"Pakamwa ngati pa achimwene anu."

Kenako Chofesa inatulukira kumwamba. Chala changa chinanyamuka chokha, monga chinazolowera zaka zonsezo. Ndinachiletsa.

"Yanu!"

"Si yanu imeneyo? Nthawi zonse imakhala yanu."

"Tengani msanga. Lero malo a achimwene ndatenga ine."

"Musayankhule choncho mokweza," anatero akuithamangira. "Amalume angamve, akupatseni chokolo."

Ndinaseka koyamba chichokereni kumanda. Iwonso anaseka, kenako n'kutsokomola, ndipo tonse tinachita ngati sitinamve.

Ndi Chofesa m'manja, a Dorika anasanduka munthu wina. Ankangodina, adani n'kumagwa ngati mapesi. Ine ndinatenga Nsungwi, ndipo ndi pamene ndinaidziwa bwino. Ukadina mofulumira mzere wake umaduka usanafike patali. Imafuna udikire, uloze, udine kamodzi, udikirenso, uku zipolopolo zikukudutsa m'makutu. Achimwene ankachita zimenezi akucheza ndi makasitomala, nthawi zina akuyang'ana kumbali. Pa Lobi ponse panalibe wina wodziwa mfuti imeneyo, ndipo munthuyo anali mbale wanga, wa bere limodzi ndi ine.

Pa mathithi pamafunika kukwera pamodzi, chifukwa wina akathamangira pamwamba, wotsalira m'munsi amafa. Ndinkakwera mwala umodzi n'kudikira. A Dorika miyoyo yawo itatha, ndinawauza kuti adine mabatani onse awiri abwereke wanga.

"Mutsala ndi ochepa."

"Bwerekani, alamu. Ndekha ndikafika kuti?"

Anabwereka kawiri konse. Chofesa itagwanso ndinawasiyira, Chigayo itagwa tonse tinailambalala. Dzuwa lisanafike pamutu tinali pakhomo pa phanga lomaliza, aliyense ndi moyo umodzi, iwo Chofesa, ine Nsungwi. Chithunzi chinali chitayamba kunjenjemera. Ndinaponya diso ku batire: mphira ija inali ikumasuka pang'onopang'ono.

Pamenepo kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

"Ichi n'chiyani?"

Amalume a Bonifasio anali atafika msanga, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, chingwe chomangira katundu chili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali azakhali a Agnesi ndi anthu ena a mwambo.

"Clement! Dothi la pamanda lisanaume, iwe ukuseweretsa namfedwa zidole? Ndi zimene unaphunzira ku koleji unathawa ija?"

Sindinacheuke. Chilombo chinali chitadzaza theka la tivi, mtima wake ukugunda pakati, ndipo tizilombo tinali titayamba kutuluka m'makoma.

"Tembenukani, alamu! Perekani msana!"

Kamsilikali ka a Dorika kanatembenuka, msana wake n'kugunda msana wa kanga.

"Ndikuyankhula ndi iwe!" Amalume analowa, kulunjika ku batire. "Ndizimitsa zimenezi pompano."

Asanafike, mphira inadumpha. Chithunzi chinapindika, mizere yoyera n'kuyamba kuthamanga.

"Amalume, gwirani waya uyo! Panani pamenepo, msanga!"

Sindidziwa chimene chinawagwira. Mwina ndi chifukwa chakuti munthu wa kumudzi akamva kuti gwirani, amagwira kaye n'kufunsa pambuyo. Ananjuta ndi jekete lawo lomwelo, n'kupana chopanira ndi zala ziwiri. Chithunzi chinabwerera.

"Ndikasiya chichitika n'chiyani?" anafunsa mwaukali.

"Zonse zifafanizika."

"Zonse ziti?"

"Zimene malemu mphwanu anasiya asanamalize," anayankha a Dorika, maso ali pa tivi.

Amalume sanasiye. Ndinadina kamodzi. Mzere wa Nsungwi unalowa mumtima wa chilombo, ndipo chinathwanima. Ndinadikira. Kumbuyo kwanga Chofesa inkasesa, tizilombo tikuphulika tisanandikhudze. Chala changa chinkafuna kudina mofulumira, koma ndinkamva mawu aja a m'chipatala, ndipo ndinkadikira.

"Nanga apongoziwa bwanji akuyang'ana kumbuyo?" anafunsa amalume ali chinjutire. "Akuthawa?"

"Sindikuthawa, amalume. Ndikulondera msana wa alamu anga."

"Anakuphunzitsani ndani zimenezo?"

"A Damiano," ndinatero. "Ali pabedi m'chipatala."

Kunja anthu anali ataunjikana pazenera. Azakhali a Agnesi, amene poyamba anagwira pakamwa, tsopano anali atasuzumira mpaka m'khosi. Batire inkafooka, chithunzi chikucheperachepera m'mbali ngati nsalu yochapidwa ndi madzi otentha.

"Pamwambapo, apongozi!" anakuwa amalume mwadzidzidzi. "Kena kakutsika apo! Iphani, iphani!"

A Dorika analoza m'mwamba, kachilombo n'kuphulika pamutu penipeni pa kamsilikali kanga.

"Eya! Iwe Clement, ukudikira chiyani? Baya!"

"Imafuna kudikira, amalume."

"Baya, mwana wopusa iwe, dzanja langa lachita dzanzi!"

Ndinadina. Mzere unayenda pang'onopang'ono, wonse wathunthu, n'kulowa. Mtima wa chilombo unang'ambika, tivi yonse inayera, ndipo kanyimbo kamene tinali tisanakamvepo kanayamba kulira. Tinaona asilikali awiri aja akukwera ndege, chilumba chikuphulika kumbuyo kwawo. Kenako panayamba kukwera mayina a anthu akutali amene anapanga gemuyo.

Azakhali anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atakumbukira kuti tili pa maliro. A Dorika anaika chodinira pa benchi mosamala, n'kuphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Ine misozi inkangotsika, koma chifuwa chinali chitatukumuka ngati cha tambala.

"Ndisiye tsopano?" anafunsa amalume motsitsa mawu.

"Dikirani mayina athe," anatero a Dorika.

Anagwirabe mpaka dzina lomaliza litadutsa. Atasiya, tivi inazima. Anaimirira movutikira, mawondo akulira, n'kudzikuntha fumbi.

"Pa Lobi pano alipo wina anafikapo pamenepa?"

"Palibe, amalume. Ngakhale ku boma sindinamveko."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira anthu a pazenera. "Mwamva? Palibe. Nzeru za malemu mwana wa mlongo wanga zimenezo." Kenako anatola chingwe chawo. "Tiyeni, anthu akudikira."

Mwambo unachitika masana monga anakonzera. Tivi, kamakina ndi batire ndinamangirira ndekha panjinga ya amalume, ndipo ndinamanga bwino kuti zisagwe pa chitunda. A Dorika ananyamuka ndi abale awo kulowera ku Chongoni, mtolo uli pamutu. Atafika pokhotera msewu anatembenuka, n'kundipatsa msana mwadala, ataima nji ngati kamsilikali kaja. Kenako anapitiriza ulendo.

Linali Loweruka, pa 18 Julayi 1998.