Funso Lachinayi

Akanayambira kumtunda, Henrique ankadziuza, kunyumba za malata za antchito a boma zoyandikana ndi mjigo, osati kuno kuchigwembe kumene othawa nkhondo anamanga zisakasa — koma buku lake linali la zimenezi, la mmene tauni ya Furancungo ikufufumira ndi anthu, ndani akumwa madzi oyera, ndani akugona m'matope, ndipo aphunzitsi anzake ku univesidade ku Maputo anali atamuyamika kale asanalembe n'tsamba lomwe. Chiyambire m'mawa anali atafunsa mabanja makumi atatu. Tsopano amene anakhala pansi patsogolo pake anali a Benedita, amayi ake omubala.

Zaka zisanu ndi ziwiri osawaona. Ndi iye amene anajambula mapu aja atangomaliza maphunziro, mapu amene anachotsa mudzi wakwawo kudambo la mbatata n'kuundandalika m'mphepete mwa msewu, kuti mankhwala ndi madzi zizifikira onse mofanana. Abambo ake anakana, iye anawanena kuti ndi otsalira, pagulu, m'Chipwitikizi, ndipo msewu womwewo ndi umene unadzabweretsa amfuti — akanabwerabe, anthu amatero, nkhondo sinasiye mudzi, koma kudambo kunali bango lobisalamo, ndipo iye bangolo ankalidziwa.

Amayiwo anamupatsa moni wa alendo a boma, maso ali pansi. Henrique anafuna kugwada, kuwagwira mapazi, koma mlembi wa dera anali chilili pambali pake, anthu ali pamzere, ndipo dzanja lake, lamantha ngati mwini wake, linapitiriza ntchito. Anawafunsa dzina, anamuuza. Kumene achokera, anamuuza, ngati sakudziwako. Nthawi imene anafika, anati mwezi wa Marichi, wapansi. Funso lachinayi linali la chiwerengero cha anthu pakhomo.

"Lembani mmodzi, a dotolo," anatero amayiwo, monga amatchulira anthu ophunzira kwambiri.

"Nanga ababa? Nanga mlongo wanga Genoveva?"

"Mwafunsa amene alipo."

Mawu awo munalibe mkwiyo, ndipo iye anaufunafuna mkwiyowo, anaulakalaka, chifukwa munthu wokukwiyira amakhala akukuyesabe wake — kapena ankamuteteza kwa mlembiyo, kapena anali atamulira kale pamodzi ndi enawo, ndani akanamuuza? Mphepo yochokera kuphiri inayamba kupeperutsa pepala la mafunso pabondo pake. Amayi anatambasula dzanja, chala chong'ambikang'ambika, n'kulipsinja pakona kuti alembe bwino, akudikira funso lachisanu.